Maso Adziwa, Khutu Lakana: Vuto la Chingerezi m'Mayunivesite a ku China

Kawiri pa chaka, m'mwezi wa Juni ndi wa Disembala, limakhalapo Loweruka lina limene ophunzira a m'mayunivesite a ku China amadzuka mitima ili m'mwamba. Ikamakwana 9 koloko m'mawa amakhala atakhazikika kale m'zipinda za mayeso, aliyense ali ndi pensulo, chitupa chake ndi mahedifoni ovala kumakutu. M'sukulu zambiri mahedifoniwo amagwira ntchito ngati kawailesi ka FM, pakuti mawu a mayeso amaulutsidwa kuchokera pamalo amodzi kunka m'zipinda zonse pa nthawi imodzi. Ophunzira amayamba ndi kulemba chimangirizo kwa mphindi 30. Akatha apo m'chipinda mumangoti zii, ndipo m'makutu mwawo mumayamba kumveka munthu akuwerenga nkhani m'Chingerezi monga amachitira pa wailesi.

Munthuyo amawerenga kamodzi kokha. Sabwereza, sadikira, ndipo palibe wokweza mkono kunena kuti, "Pepani, sindinamve bwino." Papepala la wophunzira palibenso mafunso. Pali mayankho anayi okha oti asankhepo limodzi, ndipo funso lenilenilo amalimva ndi khutu nkhani ija itatha. Pa mphindi 25 amayankha mafunso 25, kenaka oyang'anira amatolera mapepala a gawo limeneli nthawi yomweyo. Amene khutu lake linatsalira m'mbuyo alibe mpata wobwerera.

Mayeso amenewa dzina lake ndi College English Test, mwachidule CET. Ali ndi masitepe awiri: CET-4, amene anayamba m'chaka cha 1987, ndi CET-6, ovutirapo, amene anayamba mu 1989. Owalemba ndi ophunzira amene akuchita maphunziro ena osati Chingerezi, monga a zaudokotala, zauinjiniya, zaulimi ndi zamalamulo, ndipo pa ulendo uliwonse amakhala mamiliyoni ambiri. Malikisi onse ndi 710. Amene akufuna kuloledwa kulemba CET-6 ayenera kupeza 425 pa CET-4, ndipo nambala imeneyi wophunzira aliyense wa kumeneko amailoweza ngati tsiku lake lobadwa. Pa malikisi 100 alionse, 35 amachokera pa kumvetsera, 35 ena pa kuwerenga ndi kumvetsa nkhani, otsalawo pa chimangirizo ndi kumasulira. Ndiye kuti khutu ndi diso ndi zimene zimasenza katundu wamkulu.

Awerengi ena afunsa kuti, nanga za ku China zikutikhudza bwanji ife a kunyanja kuno? Pajatu kuno kwathunso mwana wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu, ndipo chiyambire kumapeto kwa 2007, pamene dziko lino linapanga ubale ndi boma la ku Beijing, ana athu ena akhala akupita kukaphunzira kumeneko. Koma chachikulu ndi ichi: ophunzira a ku China ndi anthu odziwika ndi khama, odzuka kusanache kukawerenga, komabe pa Chingerezi akhala akupunthwa pa mwala umodzimodzi kwa zaka zambiri. Khama likalephera pamene paoneka posavuta, ndi bwino kufunsa chifukwa chake.

Zaka khumi za Chingerezi

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'zaka za m'ma 1950 chiyankhulo chakunja chimene ana ambiri a ku China ankaphunzira chinali Chirasha, kaamba ka ubale wa dzikolo ndi Soviet Union. Kuyambira 1966 mpaka 1976, m'nyengo ya chipwirikiti imene amaitcha Cultural Revolution, maphunziro anasokonekera kotheratu, ndipo kumvera wailesi yakunja kunkatha kumuika munthu m'mavuto aakulu. Mayeso olowera ku yunivesite, otchedwa gaokao, anabwezeretsedwa mu 1977, ndipo chaka chotsatira Deng Xiaoping anayamba kutsegula zitseko za dzikolo kuti lizichita malonda ndi maiko ena. Ludzu la Chingerezi linakula nthawi yomweyo. Mu 1982 wailesi ya kanema ya boma inayamba kuonetsa pulogalamu ya BBC yophunzitsa Chingerezi yotchedwa Follow Me, ndipo anthu mamiliyoni ankakhala pansi madzulo kuionera. Pofika 1983 malikisi a Chingerezi anayamba kuwerengedwa athunthu pa gaokao, ndipo mu 2001 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana aziyamba Chingerezi ali m'kalasi lachitatu la pulayimale.

Tsono mnyamata kapena mtsikana wolowa yunivesite ali ndi zaka 18 amakhala ataphunzira Chingerezi kwa zaka khumi. Komatu eni dziko okha ndi amene anapeka maina awiri onyoza chimene chimatuluka m'zaka zonsezo: amati "Chingerezi cha osalankhula" ndi "Chingerezi cha ogontha". Mu 1996 a Li Lanqing, amene anali wachiwiri kwa nduna yaikulu ndipo ankayang'anira za maphunziro, anadandaula poyera kuti ophunzira amatha nthawi yochuluka pa chiyankhulo chakunja koma phindu lake ndi lochepa, pakuti ambiri sankatha kuwerenga momasuka mabuku a chiyankhulocho kapena kucheza ndi mlendo.

Gwero la vutoli linali m'kaphunzitsidwe. Phunziro lalikulu la Chingerezi m'makoleji linkatchedwa jingdu, kutanthauza kuwerenga mozama. Mphunzitsi ankatenga nkhani ya masamba awiri kapena atatu, naisenda liwu ndi liwu monga mayi asendera chinangwa: ili ndi dzina, uyu ndi mneni, chiganizo ichi m'Chitchaina chimati chakuti. Nkhani imodzi inkatha kudya sabata yathunthu kapena awiri. Madzulo wophunzira ankatenga buku la mndandanda wa mawu, loyambira pa A kukafika pa Z, n'kumaloweza. Pali nthabwala imene ophunzira a kumeneko amaikonda. M'mabuku ambiri otere liwu loyambirira ndi "abandon", limene tanthauzo lake ndi kusiya kapena kutaya chinthu. Amati liwu limeneli aliyense amalidziwa bwino kwambiri, chifukwa chaka chilichonse amayamba nalo, ndipo asanafike pa B amachita zimene liwulo likunena.

Sitikunena kuti kuloweza ndi koipa. Munthu sangamange nyumba popanda njerwa. Koma onani kuti m'njira yonseyi khutu silinagwire ntchito ina iliyonse kupatula kumva mphunzitsi akufotokoza m'Chitchaina. M'zigawo zina za dzikolo, kwa zaka zambiri, malikisi a gawo lomvetsera la gaokao sankawonkhetsedwa n'komwe pa zotsatira za mwana. Nanga mphunzitsi amene akuthamangitsana ndi mayeso angataye nthawi pa chinthu chopanda malikisi?

Liwu lodziwika ndi maso okha

Pano ndi pamene pagona nkhani yathu, ndipo tikhalapo kanthawi.

M'chaka cha 2000 mayi Christine Goh, katswiri wa za kaphunzitsidwe ka ziyankhulo wa ku Singapore, anafalitsa zimene anapeza pa ophunzira 40 ochokera ku China amene ankaphunzira Chingerezi kumeneko. Anawapempha kuti azilemba m'makope awo zimene zimawavuta pomvetsera. Mavuto amene anatuluka kawirikawiri anali awa: kuiwala msanga zimene angomva kumene, kulephera kuzindikira mawu amene amawadziwa kale, kumva mawu onse koma osagwira chimene wolankhulayo akutanthauza, ndi kuphonya chiganizo chotsatira chifukwa choti mutu udakali kulimbana ndi chimene chapita.

Taonani vuto lachiwirilo. Wophunzira akulidziwa liwu, akhoza kulilemba, akhoza kunena tanthauzo lake, koma likamveka m'kamwa mwa munthu salizindikira. Zimatheka bwanji? Zimatheka chifukwa liwulo analiphunzira papepala, ndipo m'mutu mwake analipatsa kamvekedwe kakekake kamene sikafanana ndi ka eni ake. Ali ngati munthu amene watumidwa kukachingamira mlendo ku depoti atangopatsidwa dzina lake papepala. Mlendoyo atsika basi, amudutsa pamphuno, iye ali chiimire ndi kapepala m'manja.

Pa mfundo imeneyi Chitchaina ndi Chichewa ndi pachibale. M'Chitchaina cha Mandarin, chimene ndi chiyankhulo cha boma ndi cha sukulu, phatikizo limathera ndi lembo la liwu, kapena ndi n, kapena ndi ng, ndipo malembo opanda liwu saunjikana pamodzi monga achitira m'Chingerezi. Ife tinatenga "school" n'kupanga sukulu, "bread" n'kupanga buledi. Iwonso liwu limene ife tinalisandutsa basi analisandutsa bashi. Choncho wophunzira akaona liwu lachingerezi lothera ndi malembo atatu opanda liwu, m'mutu mwake amalowetsamo timalembo ta liwu kuti litchulike, ndipo liwu la phatikizo limodzi limasanduka la maphatikizo atatu. Mwini chiyankhulo akalitchula mwachidule, khutu la wophunzira limangomva ngati kamphepo kadutsa. Ndipo monga ife timasokoneza l ndi r, anthu a m'madera ena a ku China, monga ku Sichuan ndi ku Hunan, amasokoneza l ndi n.

Chinanso ndi chakuti eni Chingerezi salankhula liwu lililonse palokha. Amalumikiza mawu ndi kumeza ena. "An apple" amamveka ngati "anapo". Timawu ting'onoting'ono monga "to", "of" ndi "and" timafooka mpaka kutsala pang'ono kuzimirira, pamene mawu onyamula uthenga amatchulidwa mwamphamvu. M'Chitchaina chizindikiro chilichonse cholembedwa ndi phatikizo limodzi loima palokha, ndipo wophunzira amayembekeza kuti Chingerezinso chimupatsa liwu lililonse m'manja padera. M'malo mwake amalandira chingwe chachitali chopanda mfundo, ndipo sadziwa pamene liwu lina lathera ndi pamene linzake layambira. Kusiyana kwa "can" ndi "can't", kapena kwa "fifteen" ndi "fifty", kumadutsa m'kuphethira kwa diso, koma pa mayeso ndi pomwepo pamene pabisala yankho.

Ngakhale kukwera ndi kutsika kwa mawu kumagwira ntchito zosiyana. Mandarin ili ndi makwezedwe anayi a mawu amene amasintha tanthauzo la liwu, mofanana ndi m'mene ife timasiyanitsira mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika. M'Chingerezi kukweza mawu sikusintha liwu, koma kumaonetsa ngati munthu akufunsa, akukaika, akunyoza kapena akukana mwaulemu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene wophunzira amamvera mawu onse koma n'kuphonya mtima wa nkhaniyo.

Onjezanipo liwiro. Pa CET-4 wowerenga amatchula mawu apakati pa 120 ndi 140 pa mphindi imodzi, ndipo pa CET-6 apakati pa 140 ndi 160. Ndiye kuti mawu awiri kapena kuposa pa sekondi iliyonse. Wophunzira amene anazolowera kumasulira chiganizo chilichonse m'Chitchaina m'mutu mwake sangakwanitse. Liwu limodzi likamuvuta amaima nalo, ndipo pamene akulikumbukira, ziganizo zitatu zadutsa kale. Ali ngati msodzi amene chambo chimodzi chamupulumuka, iye n'kudumphira m'madzi kuchithamangira, kusiya ukonde wodzaza ukupita ndi mafunde.

Ife amene timaphunzitsa ana Chiarabu ku madrasa vutoli timaliona litatembenuka. Mwana wathu amayamba ndi khutu: amamva kwa mwalimu, amabwereza, ndipo amasiyanitsa malembo amene m'Chichewa ndi m'Chiyao mulibe. Koma mukamufunsa tanthauzo la zimene watchula bwinozo, nthawi zambiri amayang'ana pansi. Wa ku China ali ndi tanthauzo popanda kamvekedwe, wathu ali ndi kamvekedwe popanda tanthauzo. Onse awiri agwira theka la liwu.

Kuwerenga ndi chala

Wina angaganize kuti popeza ophunzirawa anakulira pa kuwerenga, gawo la kumvetsa nkhani ndi lophweka kwa iwo. N'zoona kuti ambiri amakhoza bwino pamenepa kuposa pa kumvetsera, koma nalonso lili ndi msampha wake. Pa mphindi 40 wophunzira wa CET-4 ayenera kudzaza mipata khumi m'ndime posankha pa mawu 15, kuwerenga nkhani yaitali ya mawu pafupifupi 1,000 ndi kupeza ndime imene ikugwirizana ndi chilichonse cha ziganizo khumi, kenaka kuyankha mafunso pa nkhani zina ziwiri zazifupi. Amene anaphunzira kusenda nkhani imodzi kwa sabata yathunthu, chala chili pa liwu ndi dikishonale ili pambali, nthawi imamuthera asanafike pakati.

A Paul Nation, a pa yunivesite ya Victoria ku Wellington m'dziko la New Zealand, anafalitsa mu 2006 chiwerengero chimene aphunzitsi ambiri a Chingerezi amachigwiritsa ntchito. Kuti munthu awerenge momasuka popanda womuthandiza, ayenera kudziwa mawu 98 pa 100 alionse a m'nkhaniyo, ndiye kuti liwu lachilendo likhale limodzi lokha pa mawu 50. Kuti afike pamenepo powerenga nyuzipepala ndi mabuku a nthano, afunika kudziwa mabanja a mawu apakati pa 8,000 ndi 9,000, ndipo pomvetsera zolankhula za tsiku ndi tsiku afunika apakati pa 6,000 ndi 7,000. Banja la mawu ndi liwu pamodzi ndi ana ake, monga m'mene kuphunzira, mphunzitsi ndi phunziro zichokera pa tsinde limodzi. Tsono mndandanda wa CET-4 uli ndi mawu pafupifupi 4,500. Munthu akhoza kupeza 425 ija mwaulemu wake, koma akatsegula nyuzipepala ya ku London n'kupeza kuti mzere uliwonse uli ndi chomupunthwitsa.

Mpata umenewu sutsekeka ndi kuloweza kokha, pakuti liwu limakhazikika m'mutu munthu akakumana nalo kambirimbiri m'malo osiyanasiyana. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri kumeneko amalimbikitsa fandu, kuwerenga zambiri zosavuta, mwachangu, posaima pa liwu lililonse. Timabuku ta nthano tofupikitsidwa ta Oxford Bookworms, timene kampani ya Foreign Language Teaching and Research Press ya ku Beijing imasindikiza pamodzi ndi Chitchaina chake, tafalikira kwambiri pa chifukwa chimenechi. Chovuta ndi chakuti wophunzira wakhama amachita manyazi kugwira buku lophweka. Amaona ngati mankhwala osawawa sachiritsa. Ife tikuona kuti apa khama limamusocheretsa, chifukwa amene watha timabuku makumi awiri tosavuta amawerenga mwaliwiro kuposa mnzake amene watha chaka akulimbana ndi buku limodzi lalikulu.

Njira zimene anayesa

Ku China kwabadwa njira zambiri zochizira "ugonthi" umenewu. M'zaka za m'ma 1990 munthu wina dzina lake Li Yang anatchuka ndi njira yake ya Crazy English: ankasonkhanitsa anthu zikwizikwi m'mabwalo a masewero n'kumafuula nawo ziganizo zachingerezi mokweza ndi mofulumira. Manyazi ankathadi. Koma munthu amene akufuula samva mnzake, ndipo vuto la khutu linkatsala pomwepo. M'mizinda yambiri mulinso malo amene amawatcha English Corner, pamene anthu amakumana madzulo kuti acheze m'Chingerezi, ndipo otchuka kwambiri ndi a pa yunivesite ya Renmin ku Beijing, a Lachisanu madzulo.

Njira imene ife yatigwira mtima ndi ya a Zhong Daolong, injiniya wa za mauthenga amene anayamba kulimbana ndi Chingerezi mwakhama ali ndi zaka 45. Iwo ankajambula nkhani za pa wailesi pa kaseti, n'kumamvetsera chiganizo chimodzichimodzi, kuimitsa tepi, kulemba zimene amva, kubwezera m'mbuyo, kumvetseranso, mpaka liwu lililonse litagwidwa. Liwu lowakanika ankalisaka m'dikishonale potsata kamvekedwe kake. Ndi lembetso lomwe lija timalidziwa ku pulayimale, koma munthu akudzipatsa yekha. Anaitcha njira yobwerera m'mbuyo, chifukwa m'malo moyamba ndi pepala kupita ku khutu, imayamba ndi khutu kupita ku pepala. Ambiri otsatira njirayi ankayamba ndi pulogalamu ya Special English imene wailesi ya Voice of America inayambitsa mu 1959, yogwiritsa ntchito mawu pafupifupi 1,500 owerengedwa pang'onopang'ono.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti imamuonetsa munthu bala lake lenileni. Akafananiza zimene walemba ndi zimene zinanenedwa, amapeza kuti mawu ambiri amene anawaphonya si achilendo ai. Ndi timawu timene anatiphunzira ali mwana. Akatimva kachiwiri maso ali papepala, dzina ndi nkhope zimakumana, ndipo mlendo uja samudutsanso pa depoti. Koma njirayi ndi yotopetsa, ndipo kankhani ka mphindi ziwiri kakhoza kudya ola lathunthu. Choncho iyenera kuyenda pamodzi ndi kumvetsera zambiri zosavuta, kumene munthu amalola liwu limodzi kupita kuti agwire nkhani yonse. Ophunzira ambiri anatengera Chingerezi chawo pa sewero la pa kanema la ku America lotchedwa Friends. Msampha wake ndi mawu a Chitchaina olembedwa m'munsi mwa chithunzi: diso limathamangira pamenepo, khutu n'kugona tulo, munthu n'kumadzinamiza kuti akumva.

Boma nalo linazindikira kuti sukulu zimaphunzitsa chimene mayeso akufuna. Malangizo a Chingerezi cha m'makoleji amene anatuluka mu 2004 ndi kukonzedwanso mu 2007 anaika patsogolo kumvetsera ndi kulankhula. Kusintha kwa mayeso kumene kunalengezedwa mu 2005 kunakweza gawo lomvetsera kuchoka pa 20 kufika pa 35 pa 100, ndipo kunathetsa satifiketi yongonena kuti wakhoza, m'malo mwake wophunzira n'kumalandira pepala la malikisi ake. Mu 2016 anachotsa timacheza tatifupitifupi, naikamo nkhani za pa wailesi mu CET-4 ndi zokamba za aphunzitsi a pa yunivesite mu CET-6. Ngakhale zili choncho, sukulu za ganyu zokonzekeretsa mayeso zimaphunzitsabe machenjera: yang'aniratu mayankho anayi aja wolankhula asanayambe, tchera khutu akanena liwu lakuti "but". Zina mwa izi ndi nzeru zenizeni za womvetsera wabwino. Zina ndi njira zongopezera 425 khutu likadali logontha.

Mkangano wina ndi wakuti kodi Chingerezi chiyenera kukhala ndi mphamvu yotere pa tsogolo la mwana. Unduna unanena mu 2005 kuti sunalamulepo kuti digiri idalire CET, koma mayunivesite ambiri ankamana digiri wophunzira wolephera mayesowa, ngakhale atakhala katswiri pa ntchito yake. Mu 2021 a Xu Jin, mmodzi wa alangizi a boma, anapempha kuti Chingerezi chichotsedwe pa maphunziro akuluakulu a ana, ponena kuti makina omasulira akugwira kale ntchitoyo. Mu Sepitembala 2023 yunivesite ya Xi'an Jiaotong, imodzi mwa zotchuka m'dzikolo, inalengeza kuti digiri yake sidzadaliranso mayeso a Chingerezi otere, ndipo anthu ambiri anaombera m'manja.

Komabe amene akufuna digiri yachiwiri amakumana ndi pepala la chiyankhulo chakunja pa mayeso olowera, ndipo kwa ambiri chiyankhulocho ndi Chingerezi. Zofufuza zambiri za sayansi ndi zamankhwala zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo olemba ntchito ambiri amafunsabe malikisi a CET. Choncho Juni ndi Disembala akayandikira, mayunivesite amakhoma zidziwitso za masiku oyesera wailesi ya pasukulupo, kuti aliyense abwere ndi mahedifoni ake, atchere pa nambala yoyenera, ndi kuona ngati mabatire ake akadali ndi moto.